Funsani Tikuyankheni: Kuyesa Luso la Ana Aang'ono pa Masewero Olimbitsa Thupi

Makalata anayi a mwezi uno achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo onse akukhudza momwe tingadziwire ngati mwana wamng'ono akukula bwino pa luso loyendetsa thupi lake, monga kuthamanga, kudumpha, kuponya ndi kuwakha. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba ndi a sukulu zawo tawasunga.

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndine mayi wophunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya m'dera la Chibavi, ndipo m'kalasi mwanga muli ana 96. Teremu yathayi ahedi anatikumbutsa kuti mbali ya masewero olimbitsa thupi mu Expressive Arts iyeneranso kukhala ndi malikisi ake. Ine ndinawatengera ana kubwalo n'kuwathamangitsa mpikisano m'magulu a ana khumi, ndipo woyamba ndinkamupatsa malikisi 10, womaliza 1. Mtsikana wina wochepa thupi, amene kale ankakonda kusewera kuposa anzake onse, anamalizira kumbuyo, ndipo kuchokera tsiku limenelo amadandaula mutu nthawi iliyonse tikamapita kubwalo. Mtima wanga sukupeza mtendere. Kodi ilipo njira ina yoyesera ana ochuluka chonchi m'phunziro la mphindi 30? Mphunzitsi, Chibavi.

YANKHO: Aphunzitsi, ndikuthokozeni poyamba chifukwa munaona zimene zinamuchitikira mtsikanayo, pakuti m'kalasi la ana 96 n'kosavuta kuti mwana mmodzi azimirire m'chigulu popanda womuzindikira. Njira ina ilipo, ndipo sifuna ndalama.

Vuto la mpikisano ndi lakuti umayesa zinthu zimene inu simunaphunzitse. Mu Sitandade 2 ya sukulu zathu mumakhala mwana wa zaka 7 pamodzi ndi wa zaka 10 kapena 11 amene anayamba sukulu mochedwa kapena anabwereza, ndipo mukawaika pamzere umodzi wopambana ndi amene ali ndi miyendo yaitali. Onjezani apo kuti wina wadya m'mawa pomwe wina wabwera ndi njala, wina wavala nsapato pomwe wina akuthamanga atagwira masilipasi kumanja, ndipo mtsikana akulimbana ndi diresi imene ikumukola m'mawondo. Malikisi amene munalemba tsiku lija akunena za msinkhu, zaka ndi chakudya cha ana, koma sakukuuzani chimene muyenera kuphunzitsa Lolemba likudzali. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya PCAR, imene inayamba mu 2007 ndipo inaphatikiza masewero olimbitsa thupi, nyimbo, magule ndi ntchito zamanja m'phunziro limodzi la Expressive Arts, inalimbikitsa kuti ana aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse ndi cholinga choti kuyesako kuzithandiza kaphunzitsidwe. Mpikisano wa tsiku limodzi sungakwaniritse cholinga chimenecho.

Akatswiri a kakulidwe ka ana amagawa maluso oyambirawa m'magulu atatu. Pali maluso osunthira thupi kuchoka pamalo ena kupita pena, monga kuthamanga, kudumpha ndi miyendo yonse iwiri ndiponso kudumpha ndi mwendo umodzi. Pali maluso ogwiritsa ntchito mpira, monga kuponya, kuwakha, kumenya ndi phazi ndi kunjanjitsa pansi. Ndipo pali luso lokhazikika osagwa, limene limaoneka mwana akaima ndi mwendo umodzi kapena akamayenda pamzere wopapatiza. Pa luso lililonse mungathe kuyang'ana zotsatira zake, kutanthauza kuti mpira wafika patali bwanji, kapena mungathe kuyang'ana kachitidwe kake, kutanthauza kuti thupi layenda motani poponyapo. Kwa ana a msinkhu wa kalasi lanu, ine ndimaima nji pa kachitidwe, chifukwa ndi kamene mphunzitsi angakonze ndi mawu ochepa komanso chitsanzo.

Mayeso odziwika kwambiri otsata maganizo amenewa ndi Test of Gross Motor Development, amene anakonzedwa ndi Dale Ulrich wa ku America mu 1985, n'kukonzedwanso mu 2000 ndipo pambuyo pake kachitatu. Amayesa ana a zaka 3 mpaka 10. M'buku lachiwiri la mayesowa muli maluso 12, m'lachitatu muli 13, ndipo luso lililonse linagawidwa m'tizigawo titatu, tinayi kapena tisanu timene woyesa amayang'ana. Woyesayo amayamba wasonyeza yekha, mwana amayeserera kamodzi, kenako amachita kawiri, ndipo pa kachigawo kalikonse amalembedwa 1 ngati kaoneka ndi 0 ngati sikanaoneke. Kuyesa mwana mmodzi maluso onse kumatenga mphindi 15 mpaka 20. Mukawerengera ana anu 96 pa mphindi 15, mupeza maola 24 athunthu, choncho sindikukulangizani kuti mutsate mayesowa monga alili. Komanso miyezo yake yofanizira ana inatengedwa pa ana a ku America, amene amakula akusewera masewero osiyana ndi a ana a ku Chibavi, moti kunena kuti mwana wathu watsalira potengera miyezo imeneyo kungakhale kumulakwira. Chimene ndikufuna mubwereke ndi kayang'anidwe kake kokha.

Tiyeni titenge kuponya, pakuti ndi pamene kusiyana kwa mwana wophunzitsidwa ndi wosaphunzitsidwa kumaonekera msanga. Imani chapambali pa mwanayo, kumbali ya dzanja limene amaponyera, ndipo mumupatse mpira wachikulunga waung'ono wokwana m'chikhatho chimodzi kuti aponye mwamphamvu kukhoma la kalasi. Muyang'ane ngati dzanja likuyamba lapita pansi ndi kumbuyo lisanakwere, ngati thupi likutembenuka mpaka phewa la dzanja losaponyera litaloza kukhoma, ngati akuponda kutsogolo ndi mwendo wosemphana ndi dzanja loponyera, ndiponso ngati dzanjalo likupitirira kutsikira mbali ina ya thupi mpira utachoka. Mwana woyamba kumene amaima miyendo ili pamodzi, chifuwa chitayang'ana kutsogolo, n'kukankha mpira ndi chigongono chokha. Wina amene wapitako patsogolo amaponda, koma ndi mwendo wa mbali yomweyo ya dzanja loponyera, ndipo mphamvu ya m'chiuno imatayika. Mukaona zimenezi mwa ana makumi atatu, mwapeza kale phunziro la sabata yamawa: mujambule mzere pansi, mumange kansalu pa mwendo woyenera kuponda, ndipo muwauze kuti mwendo wa kansaluwo ndi umene uwoloke mzere. Mawu oti “mwamphamvu” ndi ofunika, chifukwa mwana akauzidwa kuti alase chinthu chaching'ono chapafupi amabwerera ku kaponyedwe kaukhanda, ndipo inu mumamulemba molakwa.

Kuwakha kuli ndi tizigawo titatu tokha. Manja akhale kutsogolo zigongono zitapindika mpira usanabwere, manjawo atambasuke kukakumana ndi mpira, ndipo mpirawo ugwidwe ndi manja okha popanda kuufungatira pachifuwa. Woponya aime pa mtunda wa mamita anayi ndi theka ndipo aponye mofatsa kuchokera pansi kulunjika pachifuwa. Mpira ukapita pambali kapena pamwamba pa mutu, kumeneko ndi kulakwitsa kwa woponya ndipo mwana apatsidwe mwayi wina. Mudzaona ana ena akutsinzina kapena kutembenuza nkhope mpira ukamayandikira. Amenewo ali ndi mantha, ndipo mankhwala ake ndi mpira wofewa wa nsanza, osati malikisi otsika.

Pa kuthamanga, kumene mtsikana wanu anagwa nako mphwayi, simufunikira wotchi ngakhale mzere womalizira. Muone ngati manja akusinthana ndi miyendo zigongono zitapindika, ngati pali kamphindi kamene mapazi onse awiri ali m'malere, ngati akutera ndi chidendene kapena zala m'malo momenyetsa phazi lonse pansi, ndiponso ngati mwendo wakumbuyo ukupindika mpaka chidendene kuyandikira kumatako. N'zotheka ndithu kuti mtsikanayo ali nazo zinayi zonsezi ndipo chimene chinamuchedwetsa ndi kufupika kwa miyendo basi. Ngati zili choncho, iye ndi woyenera malikisi onse, ndipo ndingakonde kuti mumuuze zimenezo pamaso pa anzake.

Tsono funso lanu lenileni ndi la kuchuluka kwa ana. Agaweni m'magulu anayi a ana 24. Magulu atatu azisewera masewero amene amawadziwa kale, monga jingo, phada ndi chipako, motsogozedwa ndi ana okulirapo, pomwe inu muli ndi gulu lachinayi mukuyang'ana luso limodzi lokha. Mwana aliyense akachita kawiri, gulu lonse limatha m'mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo m'maphunziro anayi kalasi lonse laonedwa pa luso limenelo. Mukatero mungathe kuyesa maluso atatu pa teremu osapanikizika, ndipo pofika kumapeto kwa chaka mudzakhala ndi chithunzi cha mwana aliyense pa maluso asanu ndi anayi, kapena pa maluso ochepa amene mwawayesa kawiri kuti muone ngati pali kusintha. Ine ndingasankhe njira yachiwiriyo. M'kope lanu mulembe mayina kumanzere ndi tizigawo ta luso pamwamba, n'kumachonga. Ahedi akafuna malikisi, muwerenge zochongazo. Koma kopelo musalitaye, pakuti mphunzitsi wa Sitandade 3 adzapindula nalo kuposa nambala imodzi ya pa lipoti.

Pali zinthu zina za kuno ku Mzuzu zimene zingakusokonezereni zotsatira. Ana ambiri amalankhula Chitumbuka kunyumba, ndipo wina angalephere chifukwa sanamve bwino malangizo, choncho musonyeze ndi thupi lanu ndipo mulole mnzake amufotokozere m'chiyankhulo chake. Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndipo dothi likanyowa limaterera, moti mwana wanzeru amafupikitsa mapazi dala poopa kugwa. Kuthamanga ndi kudumpha muziyesa pouma ndi pathyathyathya, ndipo kuwakha mungathe kuyesera pakhonde tsiku la mvula. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi zala za ana zimauma ndi chisanu, ndiye muyambe mwawatenthetsa thupi ndi nyimbo yovina. Ngati pasukulu panu pamaphikidwa phala, yesani ana atamwa kale. Maso a munthu amaphonya zambiri poyamba, makamaka pa kuponya kumene kumatha m'kuphethira kwa diso, ndipo n'kwabwino kuti masiku oyamba muyang'ane ana khumi pamodzi ndi mphunzitsi mnzanu, aliyense n'kulemba payekha, kenako mufananize. Pamene mwasiyana ndi pamene muyenera kugwirizana tanthauzo la kachigawo kameneko musanapitirire.

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 7. Amagwa kawirikawiri, mpira umamupulumuka m'manja, sadziwa kumanga mabatani a yunifolomu, ndipo anzake samusankha akamagawana matimu. Kusukulu anandiuza kuti ndi waulesi, pomwe agogo ake akuti zidzatha zokha monga zinathera kwa bambo ake. Nzeru za m'kalasi ali nazo, kungoti kulemba kumamutengera nthawi. Ndimvere ziti? Mayi wodandaula, Luwinga.

YANKHO: Mayi, mawu oti waulesi ndikupemphani kuti muwachotse m'nyumba mwanu lero lomwe. Mwana wa zaka 7 amene akuona anzake akusewera safuna kutsalira dala, ndipo kawirikawiri amene amaoneka ngati sakufuna amakhala atayesa kambirimbiri n'kutopa ndi kusekedwa.

Kudzera m'kalata sindingathe kukuuzani chimene mwana wanu ali nacho, pakuti zimenezo zimafuna kuti munthu wachipatala amuone. Chimene ndingachite ndi kukufotokozerani zimene zimachititsa zizindikiro zotere. Choyamba ndi kusowa mpata woyeserera, kumene kwayamba kuoneka m'tauni mwa ana okulira kumpanda amene amathera nthawi yaitali pa wailesi ya kanema kapena pa foni. Chachiwiri ndi maso kapena makutu: mwana amene saona bwino sangawakhe mpira, ndipo vuto la mkati mwa khutu lingathe kumudzandiritsa. Chachitatu ndi zipsera za matenda akale, monga malungo aakulu okhudza ubongo, kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, kapenanso kunyentchera ali wakhanda. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumayendera limodzi ndi kuchedwa kwa maluso ena. Chachinayi ndi vuto limene madokotala amalitcha developmental coordination disorder, limene limapezeka mwa ana pafupifupi 5 kapena 6 mwa 100 alionse a msinkhu wa sukulu, makamaka anyamata. Mwana wotere amakhala ndi nzeru zabwinobwino ndipo minofu yake si yopuwala, koma ubongo wake umavutika kulinganiza kayendedwe ka ziwalo, moti ntchito zimene anzake amaziphunzira pongoonera iye amafunika kuphunzitsidwa pang'onopang'ono. Popeza mwatchula mabatani ndi kulemba pamodzi ndi mpira, ndikuona kuti n'koyenera kuti mufunse za vuto limeneli mukapita kuchipatala.

Agogo akunena zoona pa mbali imodzi, yakuti zotere zimatha kuoneka mwa anthu angapo a banja limodzi. Koma pa mbali yoti zidzatha zokha ndikusiyana nawo mwaulemu, chifukwa ana ambiri a vutoli amakula nalo, ndipo chimene chimasintha moyo wawo ndi kuphunzitsidwa. Kudikira kuli ndi mtengo wake: mwana wosasankhidwa m'timu amasiya kusewera, akasiya kusewera luso lake limatsalira kwambiri, ndipo akafika Sitandade 5 amakhala atadziweruza kale kuti masewero si ake.

Yambani ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, mutatenga buku lake la kuchipatala ndi kabuku kake ka kusikelo, ndipo mupemphe kuti amuyeze maso ndi makutu komanso kuti akutumizeni kwa a mafizo ku Mzuzu Central Hospital ngati aona kuti n'kofunika. A St John of God kuno ku Mzuzu nawonso akhala akuthandiza ana amene kakulidwe kawo kakuchedwa. Akatswiri otere ali ndi mayeso awoawo. Amodzi mwa odziwika ndi Movement Assessment Battery for Children, amene anakonzedwa ku Britain ndi Sheila Henderson ndi David Sugden mu 1992, ndipo amayang'ana luso la zala, kulasa ndi kuwakha, komanso kukhazikika. Musanapite, mulembe kwa masabata awiri zimene mukuona: wagwa kangati, pamalo otani, amatha kuima ndi mwendo umodzi nthawi yotalika bwanji, ndipo kodi mbali zonse za thupi zikugwira ntchito mofanana. Koma pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira masabata awiriwo. Ngati mwana wayamba kulephera zinthu zimene kale ankatha, ngati akukoka mwendo umodzi kapena dzanja limodzi lafooka, ngati podzuka pansi amachita kugwira mawondo ndi ntchafu zake ngati akukwera pa miyendo yake yomwe, kapena ngati akumva mutu ndi kusanza m'mawa, mupite naye kuchipatala mosazengereza.

Pakadali pano, kunyumba muzisewera naye mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse anzake osaonerera. Muyambe ndi mpira waukulu wofewa mutayandikana, ndipo muzitalikirana akamakhoza. Mabatani aziyeserera Loweruka pa malaya oyalidwa patebulo, osati m'mawa pamene aliyense akuthamangira nthawi. Kwa aphunzitsi ake mupite mwamtendere, muwafotokozere zimene mwaona, ndipo muwapemphe kuti matimu azigawa okha m'malo mosiyira ana kusankhana.

FUNSO: Ndimalera ana a zaka 3 mpaka 5 pa sukulu ya mkombaphala ya m'dera lathu. Makolo ena ayamba kufunsa malipoti okhala ndi malikisi ndi manambala a amene wakhala woyamba. Kodi ana aang'ono chonchi n'koyenera kuwayesa? Mlezi, Mchengautuwa.

YANKHO: Mayi mlezi, kuwayang'anitsitsa n'koyenera, koma kuwaika pa nambala 1 mpaka 40 n'kosayenera, ndipo makolo muwauze zimenezi mopanda mantha. Pa msinkhu umenewu miyezi isanu ndi umodzi ndi nthawi yaitali kwambiri, ndipo ana athanzi amafika pa luso limodzi nthawi zosiyana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litatsatira ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, linalengeza mu 2006 kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha kuyambira pa miyezi 8 mpaka pafupifupi miyezi 18. Ngati kuyenda kokha kuli ndi mpata waukulu chotere, n'chimodzimodzinso kudumpha ndi kuwakha. Ana ambiri amadumpha ndi miyendo iwiri asanakwanitse zaka 3, amayamba kudumpha ndi mwendo umodzi cha m'ma zaka 4, ndipo kuwakha mpira waung'ono ndi manja okha kumabwera mochedwerapo, nthawi zambiri atayamba kale pulayimale.

N'zonyaditsa kuti dziko lathu lili ndi chida chakechake choyezera kakulidwe ka ana, chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anachisindikiza mu 2010 atayesa ana oposa 1,400 a kumidzi ya m'Malawi. Chimayang'ana ana kuyambira pobadwa mpaka zaka 6 pa mbali zinayi, zomwe ndi kayendetsedwe ka thupi lonse, luso la zala, chiyankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu ena. Chinakonzedwa chifukwa mayeso ochokera kunja ankafunsa zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo, ndipo ankamuonetsa ngati wotsalira pomwe ali bwinobwino. Chidachi chimafuna munthu wophunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake, choncho inu musadzipatse ntchito yopima matenda. Ntchito yanu ndi kukhala ndi tsamba la mwana aliyense pamene mukulemba mwezi umene munamuona koyamba akuchita chinthu chatsopano, ndipo mukaona mwana amene watsalira kutali ndi anzake a zaka zofanana, kapena amene wabwerera m'mbuyo, mudziwitse makolo ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Lipoti lonena kuti mwana tsopano akutha kuima ndi mwendo umodzi ndipo akuphunzira kuwakha limauza kholo zambiri kuposa nambala. Mukumbukirenso kuti malangizo a WHO a 2019 amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azikhala akuyendayenda ndi kusewera kwa mphindi 180 pa tsiku, ndipo 60 mwa izo zikhale za masewero otulutsa thukuta. Sukulu ya mkombaphala imene imakhazika ana pamkeka m'mawa wonse akuloweza zilembo ikuwamana chinthu chomwecho chimene makolowo akufuna chiyesedwe.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 amaposa anyamata pa fulaye ndi mpira wamiyendo. Kodi alipo mayeso amene angandiuze ngati adzafike pamene afika Tabitha ndi Temwa Chawinga, kuti ndiyambiretu kumuika pa mpira wokhawokha? Bambo, Katoto.

YANKHO: Bambo, ndakondwa kuti mukuonerera mwana wanu wamkazi akusewera ndipo mukumunyadira. Atsikana a kwa Chawinga, amene kwawo ndi ku Rumphi, atsegula maso a makolo ambiri a chigawo chakumpoto, makamaka Temwa atasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, monganso Mwawi Kumwenda anachitira pa mpira wamanja pamene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Sydney mu 2015. Komabe mayeso amene ndafotokoza pamwambapa anakonzedwa kuti apeze chimene mwana akusowa lero, ndipo sangalosere za zaka khumi zikubwerazo, chifukwa thupi limasintha kwambiri pa nthawi ya kutha msinkhu ndipo amene amatsogola pa zaka 8 nthawi zina amakhala amene anangofulumira kukula.

Zimene mwaona mwa mwana wanu zikutiphunzitsa kanthu kena. M'mayiko ambiri kafukufuku amapeza kuti anyamata amaposa atsikana pa maluso a mpira, koma ana asanathe msinkhu kusiyana kwa matupi awo n'kochepa, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako imachokera pa amene amapatsidwa mpira ndi nthawi yosewera. Fulaye amaphunzitsa kuponya molasa, kuwakha, kuzinda ndi kutembenuka mwadzidzidzi, zonse m'masewero amodzi, choncho musamuletse poganiza kuti akutaya nthawi. Pa zaka 8 musamutsekere pa mpira wamiyendo wokha. Muloleni asewere jingo, mpira wamanja, athamange ndi kuvina magule, ndipo pa mpira wamiyendopo muone ngati akufika pa mpira mosadukiza liwiro, ngati phazi loponda likutera pambali pa mpira, ndiponso ngati akuyesa kumenya ndi mwendo wakumanzere. Madzulo ntchito za pakhomo muzigawa mofanana pakati pa iye ndi alongo ake, kuti naye apeze ola limodzi la kubwalo dzuwa lisanalowe.